Paipi ya Chimbudzi Ikatsekeka: Mawu kwa Adzukulu Anga

Adzukulu anga, inu amene mwangoyamba mabanja, ndi inu amene mwapeza nyumba za lendi pa boma pano, sendezani mipando kuno. Pa chinkhoswe ndi pa ukwati ankhoswe anakulangizani zambiri: za ulemu kwa apongozi, za kasungidwe ka ndalama, za kulandira alendo. Koma ndikukayika ngati alipo amene anaimirira n'kukuuzani chochita tsiku limene mudzagejemule chimbudzi, madzi m'malo motsika n'kuyamba kukwera. Nkhani imeneyi anthu amaizemba poti siyokamba pa nsima. Ine ndiikamba poyera, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kuno kunyanja manyazi a munthu mmodzi pa nkhani imeneyi amatha kudwalitsa mudzi wonse.

Choyamba, chotsani m'mutu maganizo akuti mukagejemula ndiye kuti zapita. Zapita kuti? M'madera ena a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba muli mapaipi akuluakulu a suweji amene amasonkhanitsa zonyansa za nyumba zambiri n'kupita nazo kutali, monga ku maiwe a ku Kauma ku Lilongwe. Ngakhale m'mizinda imeneyo nyumba zolumikizidwa ndi zochepa. Kwathu kuno ku Nkhotakota, pafupifupi nyumba iliyonse ya chimbudzi chamadzi imadzisungira yokha zonyansa zake. A Central Region Water Board amakubweretserani madzi mpaka pa mita. Madziwo akalowa m'nyumba n'kuda, asanduka katundu wanu, ndipo palibe wina adzakusenzereni.

Ulendo wa madzi akudawo ndi waufupi. Pansi pa chimbudzi pali khosi lopindika limene limasunga timadzi nthawi zonse, ndipo timadzi timeneto ndi timene timatsekereza fungo kuti lisabwerere m'nyumba. Kuchoka apo pali paipi yonenepa ya mamilimita 110, imene amisiri amangoti folo inchi. Pakhoma lakunja mudzaona paipi ina yoimirira, yopitirira denga, yotulutsira mpweya. Paipi yapansi ija imadutsa m'mabokosi a simenti okhala ndi zivundikiro, aja apulambala amati manhole, amene amamangidwa pokhota ndi polumikizana mapaipi. Kenako imakathira mu sepitiki thanki. M'thankimo zolemera zimamira n'kusanduka matope akuda, mafuta amayandama n'kuundana pamwamba, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansazo usana ndi usiku n'kumazichepetsa. Madzi apakati okha ndi amene amasefukira m'chipinda chachiwiri, n'kutulukira ku sokawe, dzenje lodzaza miyala, kumene amalowerera m'nthaka. Ulendo wonsewo umathera pabwalo panu pomwepo, pamene ana anu amasewera.

Choncho sabata yoyamba m'nyumba yatsopano, musanagule ndi makatani omwe, yendani ulendo umenewu ndi mapazi anu. Pemphani eni nyumba akulozereni bokosi lililonse, thanki ndi sokawe, akuuzeninso chaka chimene anapopa komaliza. Ngati bokosi lina linakwiririka ndi mchenga, lifukuleni kunja kukali kouma, muikepo chizindikiro. Wina agejemule m'nyumba inu mutavundukula panja, muone mmene madzi akudutsira. Amene wadziwa kayendedwe ka paipi yabwino savutika kuzindikira pamene payamba kudwala. Musadzayambe kufunafuna bokosi pakati pa usiku, mvula ili pamsana, fungo litadzaza m'chipinda chogona ana.

Chachiwiri, dziwani nthaka imene mukukhalapo. Yathu ndi ya mchenga, ndipo madzi ali pafupi. Kufupi ndi gombe, munthu akakumba m'dzinja safika m'khosi asanawapeze. Mvula ya kuno ndi yochuluka, ndipo madzi a m'mapiri a kumadzulo onse amatsikira kwa ife kudzera mu Bua, Kaombe, Dwangwa ndi mitsinje ina. Mukukumbukira kumapeto kwa Febuluwale 2024 pamene madzi anasefukira ku Dwangwa n'kusiya anthu masauzande opanda pogona. Chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Nthaka ikakhuta chotero, sokawe imasiya kumwa. Madzi a m'thanki amasowa kolowera, amabwerera m'paipi, chimbudzi n'kuoneka chotsekeka pamene m'paipimo mulibe ngakhale kachitsotso. Mchenga ulinso ndi vuto lina, lakuti umadutsitsa madzi mofulumira usanawasefe mokwanira. N'chifukwa chake azaumoyo amati chitsime kapena mjigo zitalikirane ndi thanki, sokawe kapena chimbudzi chokumba mamita osachepera 30, ndiponso chitsimecho chikhale kumtunda, osati kumunsi. Pa mchenga wathuwu, amene wawonjezera mtunda wachita bwino.

Tsopano tione zimene zimatseka paipi, pakuti sitsekeka tsiku limodzi. Timaitseka tokha, pang'onopang'ono.

Mdani woyamba kuno ndi mchenga womwewu. Ana achokera kosambira kunyanja, alowa m'bafa mchenga uli m'miyendo ndi m'makabudula. Mayi akwecha poto ndi mchenga ndi phulusa n'kutsukuluzira mu sinki. Mchenga susungunuka, suwola. Umangokhazikika pokhota n'kumadikira unzake. Ikani beseni la madzi pakhomo potsukira mapazi, ndipo mapoto okwecha ndi mchenga muzitsukira panja.

Wachiwiri ndi za kukhitchini: mamba a chambo, matumbo a kampango, timitu ta usipa, mpunga wotsala, nkhoko za kondowole. Kondowole mukumudziwa mmene amamatira m'manja, ndipo m'paipi sasintha khalidwe. Koma oopsa kwambiri ndi mafuta okazingira nsomba. Mumawathira ali otentha, akuyenda bwinobwino, koma akazizira amaundana ndi sopo m'mbali mwa paipi n'kumakola chilichonse chodutsa. Musaganize kuti limeneli ndi vuto la timapaipi tathu tokha. Mu 2017 ku Whitechapel, mumzinda wa London, anapeza chimulu cha mafuta oundana pamodzi ndi matewera ndi tinsalu topukutira, chotalika mamita 250 ndi cholemera matani 130, chitatseka ngalande ya pansi pa msewu, ndipo panapita masabata angapo anthu akuchiphwanya. Ngati mafuta atseka ngalande yoti munthu n'kulowamo, nanga folo inchi yanuyo? Mafuta otsala athireni m'chitini, pukutani poto ndi pepala musanatsuke, nsomba muzikonzera panja, ndipo pabowo la sinki muikepo kasefa.

Wachitatu ndi zimene anthu amaponya m'chimbudzi pofuna kubisa kapena posowa potaya: matewera ogula a ana, mapadi, makondomu, majumbo, nsanza, tsitsi la meshi, zitsononkho, mapepala olimba a m'makope. Thewera logula analipanga kuti lizimwa madzi n'kufufuma, ndipo likakodwa pokhota limafufuma mpaka kudzaza paipi yonse. Chimbudzi chamadzi chimalandira zinthu zitatu basi: zotuluka m'thupi, madzi, ndi tishu wofewa. Abale athu achisilamu ndi ena ambiri kuno amene amadziyeretsa ndi madzi, mapaipi awo savutika ndi mapepala.

Apa ndilankhule ndi inu amuna. Paipi ikatsekeka n'kutulukamo padi, musayambitse bwalo lofufuza kuti ndi ya ndani, n'kuchititsa manyazi akazi anu, alamu anu kapena mtsikana amene wangotha msinkhu. Anaponyamo chifukwa panalibe pena poika mosaonekera. Gulani kandowa ka chivundikiro kakhale m'chimbudzimo, ndipo kuseli mukumbe dzenje lotayamo. Mlendo wochokera kumudzi amene sanazolowere chimbudzi chotere, mayi wa pakhomo amutengere pambali n'kumuonetsa mwaulemu tsiku lomwe wafika. Ana nawo aphunzitseni adakali aang'ono kuti chimbudzi si moponyera miyala, zivindikiro za mabotolo kapena zidole.

Wachinayi ndi mizu. Mkuyu, kachere, mango, bulugamu ndi nsungwi m'chilimwe zimasaka chinyezi. Timizu tating'onoting'ono tikapeza kampata polumikiza mapaipi timalowa, mkatimo n'kukula mpaka kutseka njira. Mitengo tibzale ndithu, koma kutali ndi mzere wa paipi. Mdani womaliza ndi kamangidwe. Paipi iyenera kutsetsereka pang'ono, pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya zonyansa zimaima. Pa mchenga, ngati amisiri sanatsendere bwino pansi, paipi imatitimira pakati n'kupanga chithaphwi mkati mwake, ndipo galimoto kapena ngolo yodutsa pamwamba imatha kuiphwanya. Mukamadzamanga yanu, mudzakhalepo tsiku loyala mapaipi. Mudzathire ndowa ya madzi kumtunda, muione ikutuluka yonse kumunsi, kenako muwalole akwirire.

Paipi isanatsekeretu imayamba yadandaula. Madzi amatsika mozengereza. Mukagejemula, bowo la m'bafa limalira kuti gudugudu. Fungo limabwera madzulo kapena mvula ikangokata. Mphemvu ndi ntchentche zimachuluka pa chivundikiro. Pabwalo pamaoneka malo amodzi onyowa, udzu wake uli biriwiri pakati pa Okutobala pamene kwina konse kwauma. Tsiku limene mwaona chimodzi mwa zimenezi ndilo tsiku logwira ntchito. Mukanena kuti tidzaona mwezi ukatha, ntchito ya ola limodzi imadzasanduka yokumba bwalo lonse.

Nanga yatsekeka ndithu, madzi akwera mpaka m'milomo ya chimbudzi? Musagejemulenso poyesa mwayi, mungokhuthulira zonyansa pansi. Uzani onse a m'nyumba asiye chimbudzi, bafa ndi sinki. Ana, nkhuku ndi abakha atalikire. Valani magolovesi a labala, jombo, ndi zovala zoti mukachape pazokha. Ngati magolovesi palibe, majumbo awiri olimba omangidwa pamkono aposa manja osavala. Amene ali ndi bala padzanja kapena paphazi asagwire nawo.

Kenako fufuzani ndi maso musanatole chida. Kodi chavuta ndi chimodzi kapena zonse? Ngati ndi sinki yokha, ikani ndowa pansi pake, masulani khosi lopindika lija, khuthulani, tsukani, bwezerani. Ngati ndi chimbudzi chokha, tengani chopopera cha labala chokhala ndi mpini, chitseke bowo lonse chili m'madzi, kankhani mofatsa n'kukoka mwamphamvu, mobwerezabwereza. Madzi ofunda bwino ndi sopo amathandiza kufewetsa, koma owira ayi, chifukwa amatha kung'alula chimbudzi. Ngati zonse zaima pamodzi, tulukani panja. Vundukulani mabokosi kuyambira la kufupi ndi nyumba kulowera ku thanki. Lamulo lake ndi losavuta: chotsekacho chili pakati pa bokosi lodzaza ndi bokosi louma lotsatira. Ngati loyamba lomwe ndi louma, chili pakati pa nyumba ndi bokosilo. Ngati onse ndi odzaza mpaka pa thanki, yang'anani pakamwa polowera m'thankimo. Pakakhala posatsekeka, paipi ilibe mlandu, vuto lili m'thanki kapena ku sokawe. Amene wadziwa izi sagumula simenti ya m'nyumba pachabe.

Apulambala ali ndi ndodo zolumikiza, zopindika mosavuta. Ngati mwabwereka, zilumikizeni zolimba, ndipo muzizipotokola kumanja kokha, momwe muvi wa wotchi umayendera. Mukapotokolera kumanzere zimamasuka, ina n'kutsalira mkati, mavuto n'kukhala awiri. Popanda ndodozo, paipi yakuda ya pulasitiki yothiririra kudimba imathandiza, kapena nsungwi yong'alula yosalazidwa bwino. Chitsulo cha konkire ndi mtengo wosongola musayerekeze. Zimaboola paipi, ndipo bowolo ndilo khomo la mizu ndi mchenga chaka chamawa. Mnzanu aime pamwamba pa bokosi lakumunsi ndi fosholo kuti chotsekacho chikasuntha achiwakhe, chisapitirire kukatseka kutsogolo. Inu kankhani modekha. Mudzamva ndodo yagunda polimba. Bwererani pang'ono, kankhaninso, potokolani. Kenako m'manja mudzamva kupepuka, madzi a m'bokosi lodzaza lija n'kuyamba kuzungulira ndi kutsika ndi mkokomo. Pamenepo thirani ndowa zingapo za madzi motsatizana kuti zitsuke mzere wonse.

Ntchito sinathe. Zimene mwavuula zikwirireni mozama, kutali ndi chitsime. Pa simenti pamene zonyansa zinatayikira tsukani ndi klorini wosungunula monga momwe alangizi a zaumoyo amatiphunzitsira, ndipo pamchenga thirani laimu kapena phulusa n'kukwirira. Zida, jombo ndi magolovesi nazo zitsukidwe. Ndowa imene yagwira ntchito imeneyi isabwererenso kukhitchini kapena kumjigo. Sambani thupi lonse ndi sopo musanagwire mwana kapena chakudya.

Pali uphungu umene mudzaumve pa bawo kapena pa doko: thirani soda wopangira sopo, thirani asidi wa batire, thirani palafini kapena oilo wakutha wa injini ya boti. Musamvere. Soda ndi asidi sizisungunula mchenga kapena thewera la pulasitiki. Zimangokhala m'madzi oimawo kudikira maso ndi manja a amene adzabwere ndi ndodo. Zikafika m'thanki zimapha tizilombo tija timene timakugwirirani ntchito yaulere, thanki n'kuyamba kununkha ndi kudzaza msanga. Oilo amamata miyala ndi mchenga wa sokawe, kenako amakapezeka m'chitsime. Ndipo musadzasakanize Jik kapena klorini ndi asidi kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa mpweya wake umapsereza mapapo. Ngati wina anathira kale mankhwala, muuzeni pulambala asanayambe.

Tsopano mawu amene ndikufuna muwasunge kuposa ena onse. Musalowe mu sepitiki thanki, ndipo musatume munthu kulowamo, kaya mwamulonjeza ndalama zingati, kaya mwagwa foni kapena chida. Mumakhala mpweya wakupha. Wina umanunkha ngati dzira lowola, koma ukachuluka umagonetsa mphuno, munthu n'kuganiza kuti fungo latha, kupuma kawiri katatu wagwa. Wina sununkha koma umayaka, choncho machesi, fodya ndi koloboyi zisayandikire. Maliro a m'mathanki kawirikawiri sakhala a munthu mmodzi. Woyamba akakomoka, mbale wake amadumphiramo kukamupulumutsa, naye n'kutsala momwemo. Zikadzachitika, kuwani, vundukulani zivundikiro zonse, yesani kumukoka muli kunja ndi chingwe kapena ndodo ya mbedza, wina athamange kukaitana apolisi ndi achipatala. Chivundikiro cha thanki chikasweka kapena chikang'aluka, konzani tsiku lomwelo. Ana amathamanga osayang'ana pansi.

Kuti mudziwe ngati thanki yadzaza simufunika kulowetsa mutu. Kamodzi pachaka tengani ndodo yaitali, mukulunge nsanza yoyera kunsonga kwake, muitsitse mpaka pansi, mudikire pang'ono n'kuitulutsa. Pamene palekezera kuda ndi pamene matope afika. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo kapena kupitirira, yakwana nthawi yopopa. Opopa asiyemo timatope pang'ono pansi kuti tizilombo tija tiyambirepo. Koma siyanitsani thanki yodzaza matope ndi thanki yodzaza madzi a m'nthaka. Mukapopa pakati pa dzinja nthaka itakhuta, sipapita masiku isanadzazenso, ndalama zapita, ndipo makoma a thanki yomangidwa mofooka amatha kugwera mkati. Chochita nyengo imeneyo ndi kuipeputsira katundu. Kuchapa ndi kusamba kukhale kwina, madzi a padenga muwalozere kutali, ndipo pakamwa pa mabokosi pakwezedwe ndi njerwa kuti madzi othamanga asalowemo. Sokawe ikakalamba n'kusiya kumwa ngakhale m'chilimwe, pamafunika ina. Kufupi ndi nyanja, ngalande yaitali yosazama yoyalamo miyala imagwira bwino kuposa dzenje lakuya lofika m'madzi.

N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti musagumule chimbudzi chokumba poti mwapeza chamadzi. Chisamaleni. Kuno chimafuna kumangira njerwa mozungulira kuchokera pansi chifukwa mchenga umagumuka, chimafuna kukwezedwa pamwamba, chikhale ndi chivundikiro pabowo ndi mpondagiya pakhomo. Tsiku limene chamadzi chaima, kapena mpopi wauma, banja likhale ndi kolowera, osati kutchire kapena kunyanja.

Akabwera opopa, afunseni kumene akukataya, ndipo musakhutire ndi yankho lakuti tikudziwa ife. Pali khalidwe limene ndikufuna lisadzamveke pa dzina lanu: kudikira mvula ya usiku n'kutsegula thanki, kapena kukumba kangalande kolozera kwa mnansi, kudambo la mpunga kapena kunyanja. Amene wachita zimenezo wachotsa vuto pakhomo pake n'kukaliika m'kamwa mwa mwana wa mnzake. Pitani kugombe m'mawa mukaone. Amayi akutsuka mbale, ana akusambira n'kumameza madzi, asodzi akutsukuluza usipa asanauyanike pa thandala, ndipo usipa womwewo madzulo uli m'mbale mwanu. Nyanja ndi yaikulu, koma ife timagwiritsa ntchito m'mphepete mwake, momwe zonyansa zimafikira poyamba. Ngati simukudziwa wopopa wodalirika kapena malo oyenera kutayako, pitani ku ofesi ya zaumoyo pa khonsolo kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Safunsa anadya phula.

Simunaiwale kolera. Anayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, n'kufalikira maboma onse, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja tinali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Dziko lathu linali lisanaonepo mliri wa kolera waukulu chotero: anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anatisiya. Mu Disembala 2022 boma linalengeza kuti zinthu zafika poopsa, ndipo mu Febuluwale 2023 linakhazikitsa ntchito ya Tithetse Kolera. Matendawa sabwera ndi mphepo. Amayenda kuchokera m'chimbudzi cha wodwala kupita m'madzi kapena m'chakudya cha wamoyo, njira yomweyo imene taifodi, kamwazi ndi njoka za m'mimba zimadzera. Bokosi losefukira kuseli kwa nyumba yanu ndi mbali ya njira imeneyo.

Ngakhale madzi a mpopi satetezeka okha. Mu Julayi 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anatsegula mipopi yawo n'kupeza madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, nkhaniyo mpaka inafika kukhothi. Phunziro lake kwa ife ndi ili: paipi ya madzi akumwa isagone m'ngalande imodzi ndi ya zonyansa, ndipo ikamadontha ikonzedwe msanga, chifukwa madzi akasiya kutuluka paipi yobooka imayamwa zimene zaizungulira. Zonyansa zikasefukira pabwalo, masiku otsatirawo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthiramo klorini. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, zoyera ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Mpatseni Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Azimwa ali panjira yopita ku chipatala chachikulu cha boma, ku St Anne's, kapena ku chipatala chaching'ono chimene chili pafupi nanu.

Ambiri a inu mukukhala pa poloti ya nyumba zingapo zothira m'thanki imodzi. Pamenepo paipi ikatsekeka pamabuka mkangano woposa fungo lomwe, chifukwa amene amasefukiridwa ndi wa kumunsi pamene wotseka angakhale wa kumtunda. Musadikire tsiku limenelo. Polowa m'nyumba gwirizanani ndi eni ake, pamaso pa mboni, kuti ndani adzalipira chiyani. Chilungamo chake n'choonekeratu: thewera kapena jumbo ikatuluka m'paipi, ndi za okhalamo, koma mizu, paipi yotitimira ndi sokawe yakufa ndi za mwini nyumba. Za kupopa nazo zikambidwiretu. Eni nyumba akamazengereza zonyansa zili pabwalo, pitani kwa amfumu kapena kwa azaumoyo, pakuti imeneyo sikhalanso nkhani ya anthu awiri. Ndipo mukaona kwa mnansi kwasefukira, musatseke mphuno n'kudutsa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ntchentche za kwawo sizidziwa malire a poloti.

Zikakukanikani, itanani pulambala, ndipo musachedwe poopa ndalama. Ngati paipi ikutsekeka pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza, ngati ndodo ikutuluka ndi mizu kapena dothi, ngati nthaka yatitimira pamwamba pa mzere, pamenepo pafunika mmisiri wofukula ndi kusintha paipi. Akafika mulandireni monga mmisiri aliyense. Kambiranani mtengo asanayambe, mumpatse madzi ndi sopo, mumulipire tsiku lomwelo. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akunyoza ogwira ntchito imeneyi, kuwatcha maina, kuwapatsira madzi m'kapu ya padera, pamene iwowo ndi amene aimika matenda pakhomo. Imani pambali pake muone mmene akuchitira, mufunse mafunso. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mwamaliza Fomu 4 n'kumangokhala, upulambala ndi luso limene amaphunzitsa m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Nyumba za madzi zikuchulukirachulukira kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, ndipo iliyonse idzafuna munthu wodziwa mapaipi. Amene ali ndi luso limeneli sagona ndi njala, ndiponso amapulumutsa miyoyo ya anthu amene sadzamudziwa n'komwe.

Pomaliza ndikupatseni ntchito ya chaka ndi chaka. Mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, sankhani Loweruka limodzi. Vundukulani mabokosi onse, kokolani mchenga umene wakhazikika, thirani madzi muone akuyenda. Yezani thanki ndi ndodo ija, ndipo ngati yafika popopa, popani kunja kukali kouma. Onani paipi ya mpweya ngati mbalame kapena mavu sanamangemo. Matani zivundikiro zong'aluka, lambulani njira za madzi a padenga, yenderaninso chimbudzi chokumba chija. Ntchitoyi muzigwira awiri, mwamuna ndi mkazi, kuti wina akakhala kunyanja kapena paulendo wotsalayo asasowe poyambira. Ana amene asinkhukirapo aziima chapatali n'kumaona, kuti akadzakula asadzaiope kapena kuinyoza.

Nyumba ya chimbudzi chamadzi ndi chinthu chabwino, ndipo ndimakondwa kuona inu mukukhala mwa ukhondo umene ife tinkangoumva. Koma yabwera ndi udindo wake, ndipo udindowo ndi wa kwa anansi anu, kwa otunga pamjigo, ndi kwa onse amene amadya za m'nyanja muno. Usenzeni mosanyinyirika, adzukulu anga, ndipo Mulungu akusungireni mabanja anu athanzi.